Foni za ophunzira anu zigwire ntchito m'kalasi

Aphunzitsi ambiri a m'makoleji amadandaula kuti iwo akamaphunzitsa, ophunzira amakhala atawerama pa foni. Ena amaletseratu mafoni, ena amabweretsa pulojekita ndi zithunzi zokongola, koma m'kalasi mumakhalabe muli zii. Munthu amene ntchito yake ndi kungomvera kwa ola lathunthu amatopa, kaya mukulemba pa bolodi kaya mukuonetsa pa khoma. Langizo langa kwa inu aphunzitsi nlakuti zipangizo zamakonozi muzizigwiritsa ntchito pofunsa mafunso, kuti aliyense ayankhe.

Njirayi adaitchukitsa Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi pa yunivesite ya Harvard, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Iye adaona kuti ophunzira ake ankakhoza masamu a m'mayeso koma mfundo zenizeni za phunzirolo sankazimvetsa.

Kachitidwe kake ndi aka. Phunzitsani kwa mphindi 10 kapena 15, kenako imani ndi kuponya funso limodzi la mayankho anayi. Aliyense asankhe payekha, osafunsa mnzake, kudzera pa foni yake. Mapulogalamu a pa intaneti monga Mentimeter, Kahoot, Poll Everywhere ngakhale Google Forms amakuonetsani zotsatira nthawi yomweyo. Zotsatirazo muzione nokha kaye, chifukwa ophunzira akaona kumene ambiri apita amangotsatira gulu. Ngati okhoza ali pakati pa 30 ndi 70 mwa 100 alionse, auzeni kuti aliyense apeze mnzake amene wasankha zosiyana naye, amufotokozere chifukwa chake kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako avotenso. Nthawi zambiri okhoza amachuluka ulendo wachiwiriwu, pakuti amene wangomvetsa kumene amakumbukira pamene panamuvuta, pomwe inu mudaiwala kale. Okhoza akapitirira 70, fotokozani mwachidule nkupita patsogolo. Akachepera 30, kukambirana sikuthandiza. Bwerezani mfundoyo mwa njira ina.

Ntchito yaikulu ili pa kukonza funso, ndipo apa ndi pamene ambiri amalephera. Funso longofuna kukumbukira dzina kapena chaka silibweretsa mtsutso. Funsani chimene chingachitike zinthu zitasintha, kapena chifukwa chimene njira ina singatheke. Mayankho olakwika musawapeke m'mutu. Atengeni m'mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, momwe muli zolakwa zenizeni zimene ophunzira amabwereza chaka ndi chaka. Ndipo musapereke malikisi pa kukhoza funsoli; ngati mukufuna, perekani pa kuyankha kokha. Wophunzira wamanyazi, amene sadakwezepo mkono chiyambire, amayankha momasuka akadziwa kuti dzina lake silioneka. Kwa ine phindu limeneli ndi lalikulu kuposa ena onse.

Umboni ulipo. Mu 2014, Scott Freeman ndi anzake adasanthula kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi, uinjiniya ndi masamu. Adapeza kuti m'makalasi ongomvera mphunzitsi ankalephera pafupifupi 34 mwa ophunzira 100 alionse, pomwe m'makalasi amene ophunzira ankatengapo mbali ankalephera pafupifupi 22.

Mwina mukufunsa kuti nanga silabasi itha bwanji. Zina mwa zofotokoza zanu zijambuleni pa vidiyo ndi kuziika pa tsamba la intaneti la maphunziro monga Moodle kapena Google Classroom kuti ophunzira aonere asanabwere. Mavidiyowo akhale afupi: kafukufuku wa maphunziro a pa edX, tsamba lophunzitsirapo pa intaneti, wa mu 2014 yomweyo, adaonetsa kuti chidwi cha oonera chimatsika vidiyo ikapitirira mphindi 6. Ikanipo mafunso awiri kapena atatu kumapeto, apo ayi ambiri sadzaonera.

Musaiwale amene alibe foni yoyenera kapena intaneti. Ndi pulogalamu yotchedwa Plickers, wophunzira aliyense amakweza khadi losindikizidwa, inu nkujambula kalasi yonse ndi foni imodzi. Makadi wamba olembedwa A, B, C ndi D amagwiranso ntchito.

Yambani ndi kalasi imodzi, mafunso awiri pa phunziro. Yesani netiweki m'chipindacho ophunzira asanalowe, ndipo tsiku loyamba auzeni chifukwa chimene mwasinthira kaphunzitsidwe, popeza ena amaganiza kuti mphunzitsi akamafunsa kwambiri ndiye kuti sakuphunzitsa.