Chipala choyamba musachigule, pangani nokha

Amene mukufuna kuyamba kusula zitsulo koma mthumba muli mbee, pitani kwa ogulitsa masikilapu mukapeze brake drum (chitsulo cha mabuleki chooneka ngati mbale) yakutha ya lole, ija yolemera ngati mwala, ndiyo ikhale chipala chanu choyatsiramo moto wosulira. Bowo lapakatilo ndiye polowera mpweya, lumikizanipo paipi yachitsulo pansi, pamwamba pa bowolo muyike kachitsulo koboolaboola kuti makala asamagwere mupaipi. Koma paipi yake isakhale ya galvanized yonyezimira ija, ikapsa imatulutsa utsi woyera wodwalitsa, ine ndinagona nawo usiku wonse ndikunjenjemera ngati malungo.

Mkati mwa brake drum muja matani dothi lapachulu losakaniza ndi mchenga, lisiyeni liume bwinobwino, mukathamangira kuyatsa likadali lonyowa ling'aluka.

Mvukuto wake ndi gudumu la njinga, lamba wa chubu azizunguliza kafani kakang'ono kouzira mpweya mupaipi muja, mukapukusa kamodzi moto umachita kulira. Makala aphwanyeni akhale tizidutswa ngati mtedza waukulu, akuluakulu mpweya umangodutsa chitsulo osafiira. Posulira, mutu wa nyundo yaikulu wokhomerera pachitsa umakwana poyambira, zokaba njanji kuti muzisulirapo ayi mumangidwa. Ndipo chipalacho chikhale panja, osati mnyumba yotseka mawindo.