Kalondolondo wa odwala m'mudzi: malangizo kwa makomiti a zaumoyo a ku Thyolo

M'kaundula wa chipatala, munthu amene sanabwere kudzatenga ma ARV pa tsiku lake amalembedwa kuti wajomba, ndipo pakatha miyezi iwiri mankhwala ake atamuthera amawerengedwa m'gulu la osiya mankhwala. Kaundulayo sanena chifukwa chake. Sanena kuti munthuyo amakhala kutsidya kwa mtsinje umene umadzaza nthawi ya dzinja, kapena kuti tsiku la chipatala linakumana ndi tsiku la ganyu, kapena kuti mwamuna wake sadziwa kuti iye amamwa mankhwala. Zifukwa zotere zimadziwika ndi anthu okhala naye pafupi, ndipo n'chifukwa chake malangizo ano akupita kwa inu a komiti ya zaumoyo m'mudzi, atsogoleri a makeya gulupu (magulu ophunzitsana za kadyedwe ndi kasamalidwe ka ana), mafumu, ndi amipingo amene mumayendera odwala. Ntchito imene ndikufotokoza ndi yoyendera banja limene matenda sakuchokamo, kupeza chimene chikulepheretsa mankhwala kugwira ntchito, ndi kuperekeza banjalo pakhomo loyenera.

Ulendo woyamba ndi umene umamanga kapena kugwetsa ntchito yonse. Musapite gulu, chifukwa anthu asanu ovala malaya ofanana akalowa pakhomo limodzi, mudzi wonse umayamba kufunsana kuti kwagwanji. Anthu awiri akukwana, ndipo ngati wodwalayo ndi mayi, mmodzi mwa awiriwo akhale mayi. Mukalandiridwa, musatchule matenda pamaso pa ana, apongozi kapena anansi. Pemphani kuti mulankhule naye pambali. Funso lakuti "Bwanji mwasiya mankhwala?" limamveka ngati mlandu, ndipo munthu amaliyankha ndi bodza laulemu. Funsani m'malo mwake kuti, "Mayi, masiku ano pakhomo pano mukudya bwanji? Ulendo wa kuchipatala mumayenda pa chiyani? Mukachoka, ana mumawasiyira ndani?" Kuona maso a nkhono n'kudekha: chifukwa chenicheni kawirikawiri chimatuluka pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu, munthu ataona kuti zimene ananena poyamba sizinamveke pachitsime. Komiti imene ili ndi membala mmodzi waulomo yataya kale ntchito yake, ndipo ndi bwino kumuchotsa membalayo kusiyana ndi kutaya chikhulupiriro cha mudzi wonse.

Chifukwa chimene mudzakumane nacho kwambiri kuno kwathu ndi mtunda. Boma la Thyolo ndi la zitunda ndi zigwa, ndipo wochokera kumidzi ya ku Thekerani kapena kumunsi kwa Makwasa akatumizidwa kuchipatala chachikulu, mtengo wa kabaza wopita ndi kubwera ukhoza kuposa zimene amapeza pa tsiku. Pamwamba pa izi, nyengo imene tiyi amathyoledwa kwambiri, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndi yomweyo ya kupalira, ya malungo ndi ya njala, kotero kuti tsiku limodzi lotayidwa pa mzere wa chipatala ndi tsiku limene pakhomo sipafuka utsi. Munthu wotere sanasiye mankhwala chifukwa cha umbuli. Wawerengetsa, ndipo wasankha ufa.

Yankho la vuto limeneli linayesedwa konkuno. Bungwe la Médecins Sans Frontières, limene linayamba kugwira ntchito ya HIV ku Thyolo mu 1997, pamodzi ndi ofesi ya zaumoyo ya boma lino, linayambitsa mu 2012 magulu a anthu omwa ma ARV okhala moyandikana, potengera zimene zinayamba ku Tete m'dziko la Mozambique. Gulu limakhala ndi anthu osapitirira asanu ndi mmodzi amene thupi lawo likuyenda bwino pa mankhwala. Mmodzi amapita kukatengera onse, iye n'kupimidwa tsiku lomwelo, ndipo ulendo wotsatira amapita wina. Ndalama ya ulendo amasonkherana. Masiku ano munthu amene tizilombo tachepa kwambiri m'magazi mwake akhozanso kupatsidwa mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Ntchito yanu si kulonjeza zimenezi, chifukwa woyenera amasankhidwa ndi achipatala, koma kumuuza wodwalayo kuti njirazi zilipo ndi kumulimbikitsa kuti akafunse. Ambiri safunsa chifukwa amaopa kuoneka ngati akulamula adokotala. Kwa mayi woyembekezera wokhala kutali, yankho la mtunda ndi chidikiro, nyumba ya pachipatala yodikirirako kubereka, koma chidikiro chimafuna ufa, nkhuni, womudikirira ndi munthu wotsala ndi ana. Zinthu zinayi zimenezi zikonzedwe mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, osati matenda atayamba usiku mvula ikugwa.

Chifukwa chachiwiri ndi njala, ndipo pano ndikhalitsapo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Kuno minda ndi yaing'ono chifukwa malo ambiri abwino ali pansi pa tiyi ndi makademiya, ndipo nthochi zimene zinkapulumutsa mabanja ambiri zinasakazidwa ndi matenda a chisaka. Mwana akayezedwa mkono ndi kalamba ka mitundumitundu ka ku sikelo n'kugwera pofiira, kutanthauza kuti mkono sukufika masentimita 11.5, kapena akatupa mapazi onse awiri, amayamba kulandira chiponde. Chimene chimachitika pakhomo tonse timachidziwa: chiponde cha mwana mmodzi chimanyambitidwa ndi ana anayi, mwina china n'kupezeka pamsika. Ndaona alangizi akukalipira mayi pa sikelo chifukwa cha zimenezi, koma kukalipa sikunanenepetsepo mwana. Mayi amene ali ndi ana anayi anjala sangadyetse mmodzi ena akuyang'ana. Muuzeni momveka kuti chiponde ndi mankhwala oyezedwa molingana ndi kulemera kwa mwanayo, kenako funsani kuti enawo adya chiyani lero, chifukwa yankho la funso limeneli ndi limene lidzateteze chipondecho.

Pa chakudya, yambani ndi zimene zilipo. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya, amene ndi zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, amamveka ngati nkhani ya anthu a ndalama, koma nandolo, mapeyala, chigwada, mbatata yofiira m'kati, mapapaya ndi bonya wosinja ndi zinthu za kuno komwe. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, masamba osinja ndi kasupuni ka mafuta ndi losiyana kutali ndi phala la ufa woyera lothira mchere. Mtsogoleri wa keya gulupu aphike nalo limodzi banjalo, pa mafuwa awo ndi m'poto wawo, osangolongosola ndi pakamwa. Ngati m'mudzi muli sukulu ya mmera mpoyamba imene imaphika phala, ana a zaka zitatu mpaka zisanu a pakhomopo alembedwe. Zimenezi zimachepetsa pakamwa podikira chiponde, ndipo zimamasula mayi kupita kuganyu kapena kuchipatala. Kwa akuluakulu amene amanena kuti aleka ma ARV chifukwa mankhwalawo amafuna chakudya, auzeni kuti amene ambiri akumwa masiku ano akhoza kumwedwa munthu atadya kapena asanadye, ndipo kuti kulekeza kumadzutsa matenda amene adzamulepheretse ngakhale ganyu yemweyo. Wa chifuwa chachikulu akumbutsidwe kuti mankhwala ake ndi a miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale chifuwa chitaleka mwezi wachiwiri.

Pali mabanja amene malangizo a kaphikidwe sangawathandize chifukwa mulibe munthu wa mphamvu zogwira ntchito: gogo wolera zidzukulu, mwana wolera anzake, kapena kholo lodwala nthawi yaitali. Amenewa ndi amene ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, inakhazikitsidwira. Inayambira ku Mchinji mu 2006, inafika m'maboma onse 28 pofika 2018, ndipo imafikira pafupifupi banja limodzi mwa mabanja khumi alionse, pamodzi ndi kandalama kowonjezera pa mwana aliyense amene ali pasukulu. Chenjezo langa ndi lakuti musalonjeze munthu kuti mumulembetsa, chifukwa kalembera sachitika mwezi uliwonse, ndipo mayina sasankhidwa ndi komiti ya zaumoyo kapena mfumu. Chimene mungachite ndi kupereka dzina la banjalo kwa mlangizi wosamalira anthu wa dera lanu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kuti likhale lodziwika kalembera kapena thandizo la chakudya la nthawi ya njala likafika, komanso kuthandiza amene akuona kuti anasiyidwa molakwika kukadandaula ku komiti yomva madandaulo. Banja losauka koma lokhala ndi munthu wamphamvu malo ake ndi ku ntchito za mthandizi zobwezeretsa chilengedwe ndi ku banki m'khonde.

Za banki m'khonde ndinenepo chimodzi chokha. Magulu ambiri amaika mtima pa masheya ndi chiwongoladzanja, n'kumanyozera thumba la zadzidzidzi, chonsecho thumba limeneli ndi limene limalipira kabaza mwana akakomoka pakati pa usiku. Gulu ligwirizane m'malamulo ake kuti ndalama ya matenda ituluke tsiku lomwelo popanda kudikira msonkhano, ndipo isakhale ndi chiwongoladzanja. Munthu wodwala asakakamizidwe kutenga ngongole ya bizinesi kuti gulu lipindule, chifukwa mapeto ake ndi kulandidwa malata kapena mbuzi, ndipo nkhawa ya ngongole nayonso ndi matenda.

Chifukwa chachitatu ndi chimene anthu amabisa kwambiri, ndicho nkhanza ndi mantha a m'banja. Mayi amene amabisa mankhwala m'thumba la ufa, mtsikana wa zaka 15 amene wasiya sukulu ndipo wayamba kuvala chitenje chomangira m'mwamba, gogo amene adzukulu aleka kumupatsira chakudya chifukwa akumutchula mfiti, onsewa vuto lawo silithera pa mankhwala. Kuno kumene ambiri timatsata chikamwini, mwinimbumba ndi ankhoswe ali ndi mawu, ndipo pa kusamvana wamba ndi nzeru kuyamba ndi iwo. Koma pali nkhani zimene siziweruzidwa pabwalo la mfumu kapena kutha ndi nkhuku. Malamulo a dziko lino, kuyambira pamene anasinthidwa mu 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006. Ndipo kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo asachedwetsedwe ndi zokambirana za akuluakulu. Nkhani za ana zipite kwa woteteza ana wa m'dera lanu kapena ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere. Mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu, ndipo gulu la amayi la pasukulupo ndi limene limadziwa kulankhula ndi makolo ndi aphunzitsi aakulu.

Za madzi ndi zimbudzi mukuzidziwa kale. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa zimbudzi ndi kuwononga mipope ya madzi ku Mulanje, Phalombe ndi kuno ku Thyolo. Chowonjezera changa n'chakuti banja la gogo kapena la munthu wolumala likapezeka lopanda chimbudzi, chindapusa sichikumba dzenje. Mfumu itume achinyamata akakumbe tsiku limodzi.

Mbali imene makomiti ambiri amagwerapo ndi yomaliza. Kunena kuti "pitani kwa a zosamalira anthu" si kutumiza munthu. Ameneyo mwangomuchotsa pamaso panu. Munthu wosauka, wosadziwa kuwerenga, akafika pa ofesi n'kupeza chitseko chotseka, sabwererakonso. Choncho lembani kakalata kotchula dzina la mudzi, vuto lake mwachidule ndi amene mukumutumizako, koma musalembe matenda a munthu popanda chilolezo chake. Imbani foni kaye kuti mudziwe tsiku limene mlangiziyo apezeke, ndipo ngati nkhani ndi yolemera, mmodzi wa inu amuperekeze. Komiti ikhale ndi kope limodzi losungidwa ndi mlembi, m'mene muzilemba tsiku la ulendo, chimene mwapeza, kumene mwatumiza ndi tsiku lobwererako, lomwe lisapitirire masabata awiri. Kopelo lizionedwa ndi mlangizi wa zaumoyo mwezi uliwonse. Mukaona kuti vuto limodzi likubwerezeka m'makomo ambiri, monga mlatho woduka umene ukujombetsa midzi itatu ku sikelo, nkhaniyo si ya banja limodzinso. Ipite ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kenako ya dera, kuti ikalowe m'mapulani a khonsolo, kapena mupemphe achipatala kuti sikelo izibwera kutsidya kwanuko.

Musayambe ndi mudzi wonse. Khalani pansi ndi mlangizi wa zaumoyo mwezi wa Okutobala kapena Novembala, mvula isanatseke njira, musankhe makomo asanu kapena asanu ndi limodzi amene mukudziwa kuti Januwale ndi Febuluwale adzawapweteka kwambiri, ndipo mugawane kuti membala aliyense akhale ndi khomo lake lodziwika. Pa ulendo woyamba wa khomo lililonse, onani tsiku la chipatala lolembedwa m'kabuku ka zaumoyo, ndipo ngati likugwera pakati pa dzinja, funsani lero lomwe kuti mtsinje ukadzadzaza munthuyo adzadutsira pati.