Foni yatsopano ya amayi: zoti mukonze isanakwere basi yopita kumudzi

Chaka chatha ndinawagulira amayi anga foni kuno ku Johannesburg. Amakhala kufupi ndi Lizulu, ndipo kwa zaka zinayi ankagwiritsa ntchito kafoni kotachi kamene galasi lake linali ming'alu yokhayokha ngati dothi la m'dimba mu Okutobala. Ndinaipereka kwa mnzanga wonyamula katundu ili m'bokosi, osamatula, kuti amayi aone okha kuti ndi yatsopanodi. Inafika bwinobwino. Koma tinatha masabata atatu osalankhulana pa WhatsApp. Mnyamata wina wokonza mafoni pamsika anawatsegulira akaunti ya Google yatsopano ndi pasiwedi yodziwa iye yekha, ndipo tsiku lomwelo mng'ono wanga anatenga foni yakale ija n'kuifomata kuti ikhale yake. Zithunzi za chinkhoswe cha mlongo wanga zinapita. Anapitanso mavoisi a malemu bambo, amene amayi ankakonda kumvera usiku asanagone. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa zonsezi zikanapeweka ndikanangokhala nayo pansi foniyo madzulo amodzi ndisanaitumize.

Tiyambire pogula. Musatengeke ndi kukongola kwa kamera. Choyamba funsani ngati foniyo ndi yotsekedwa pa netiweki imodzi, chifukwa ena mwa mafoni otchipa komanso otengedwa pa kontirakiti ku South Africa amakana simu ya kampani ina. Ngati muli ndi simu ya Airtel kapena TNM imene munabwera nayo, iikeni pomwepo musanalipire, muone ngati ikuilandira. Amene muli ku UK zinthu n'zosavuta, popeza kuyambira mu Disembala 2021 makampani a mafoni kumeneko saloledwa kugulitsa mafoni otsekedwa, koma akale akadalipo m'manja mwa anthu. Amene muli ku America samalani ndi iPhone: kuyambira pa iPhone 14, zogulitsidwa m'dzikolo zilibe n'komwe polowetsa simu khadi. Kwathu foni yabwino ndi yolowa masimu awiri. Kumapiri a Dedza ndi Ntcheu mudzi wina kumagwira Airtel, kutsidya kwa phiri kumagwira TNM, ndipo amayi ali ndi anthu awo kumbali zonse ziwiri.

Malo osungira zinthu asachepere 64GB, ngati thumba likulola 128GB. Magulu a mpingo, a banki m'khonde ndi a pabanja amatumizirana mavidiyo tsiku lonse, ndipo foni ya 32GB imadzadza miyezi yochepa, kenako n'kuyamba kuzizira ndi kukana kulandira zithunzi. Batire likhale la 5000mAh. Kumene kulibe magetsi a ESCOM anthu amatchajitsa pa sola kapena kugolosale, ndipo batire lofooka limatanthauza ulendo wa tsiku ndi tsiku. Ikanimo ndi chaja. Mafoni ambiri atsopano amabwera ndi chingwe chokha cha USB-C, pamene m'nyumba zambiri zingwe zilipo ndi zakale zija za kamutu kakang'ono. Kumbukiraninso kuti soketi za kwathu ndi za mano atatu amakona ngati za ku UK. Chaja cha mano awiri ozungulira chimafuna adaputala, apo ayi anthu ayamba kutokosa soketi ndi kamtengo.

Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale, monga momwe ambirife timachitira, imbani *#06# kuti ituluke nambala ya IMEI, imene ndi nambala yozindikiritsa foniyo, muiyerekeze ndi yolembedwa pabokosi, ndipo muilembe penapake. Musachoke mwini wake asanatulutse akaunti yake ya Google kapena ya iCloud inu mukuona. Foni yotsala ndi akaunti ya munthu wina ikangofomatidwa imafunsa pasiwedi ya munthuyo, ndipo popanda iyo yasanduka mwala. Achibale amatitumiziranso ma iPhone akale mwachikondi, koma WhatsApp inasiya kugwira pa iPhone 5s, 6 ndi 6 Plus mu 2025, monganso inasiyira pa Android yochepera 5.0 mu Okutobala 2023. Ine ndimati ngati banja lonse lili pa Android, amayinso akhale pa Android. Akakakamira penapake, mdzukulu aliyense angawathandize.

Tsopano ntchito yeniyeni. Tsegulani bokosilo muli kunja konkuno, pamene pali Wi-Fi. Foni yatsopano ikangoyaka imafuna kukoka zokonza za Android ndi za mapulogalamu ake, nthawi zina zopitirira 1GB. Kumudzi zimenezi ndi ndalama zambiri, ndipo bandulo ya WhatsApp yokha imene amayi amagula siitsegula Play Store. Apudetani zonse mpaka foni inene kuti palibenso chotsala. Ikani WhatsApp yeniyeni yochokera ku Play Store, koma musailembetse. Mu Play Store sankhani kuti mapulogalamu aziapudetedwa pa Wi-Fi pokha. Kulitsani zilembo, kwezani kulira kwa foni, chotsani pagalasi loyamba tizithunzi tonse tosafunika kuti patsale poimbira, WhatsApp, kamera ndi tochi.

Nkhani ya akaunti ya Google ndi imene imatigwetsa ambiri. Funsani kaye ngati foni yakale ili nayo kale komanso ngati alipo akudziwa pasiwedi. Ngati ilipo, gwiritsani ntchito yomweyo. Ngati inatayika ndi amene anaitsegula, tsegulani ina m'dzina la amayi, osati lanu, chifukwa mukaika yanu manambala anu onse ndi zithunzi zanu zidzapezeka pafoni imene ikuyenda m'manja mwa ana onse a pakhomo. Imelo yanu muiike ngati yobwezeretsera akaunti ikatayika. Lembani imelo ndi pasiwedi papepala kawiri. Lina likhale ndi inu, lina lipite kwa amayi, koma osati m'bokosi lomwelo la foni. Anga analisunga m'chikwama chimene amasungamo chitupa cha unzika ndi makadi a kusikelo a zidzukulu.

WhatsApp yokha ndiyo muisiyire kumudzi. Mukailembetsa kuno pouza amayi kuti akuwerengereni manambala 6 obwera pa meseji, foni yawo yakale ituluka mu WhatsApp nthawi yomweyo, ndipo mudzakhala osamvana mpaka basi itafika. Sankhani munthu mmodzi wokhulupirika, mum'tchule dzina pamaso pa onse, kuti ndiye adzasamutse zinthu inu muli naye pafoni ina. Mafoni onse awiri akhale otchaja, ali pafupi. Mu WhatsApp ya foni yakale, pa Settings kenako Chats, pali polembedwa Transfer chats. Foni yatsopano imaonetsa kachizindikiro ka QR, yakale imakajambula, ndipo mauthenga, zithunzi ndi mavoisi zimawoloka mwachindunji kuchoka pafoni ina kupita pa inzake. Njira ina ndi ya Google Drive, koma imeneyo imadya data ndipo imafuna akaunti imodzimodzi kumbali zonse. Zithunzi zojambulidwa ndi kamera sizili mu WhatsApp ayi. Zimenezo zisamutsidwe pazokha, kudzera pa memori khadi, Bluetooth kapena Smart Switch ngati yatsopanoyo ndi Samsung. Manambala a anthu nawonso aonedwe bwino. Ambiri amakhala atasungidwa mufoni momwemo osati pa simu, ndiye mukangosuntha simu mupeza nambala ya abusa, ya amfumu ndi ya wogula mbatata ya kachewere palibe.

Ndalama za Airtel Money ndi Mpamba zili pa nambala, osati mufoni, choncho sizisowa chifukwa chosintha foni. Koma apa ndi pabwino kufunsa funso limene timaliopa: simuyo inalembetsedwa m'dzina la ndani? M'mabanja ambiri simu ya mayi inalembetsedwa ndi chitupa cha mwana kapena mkamwini nthawi ija kalembera wa masimu anabwera. Tsiku limene foni yabedwa, wobwezeretsa nambala ndi mwini chitupacho, ndipo mwina ali ku Cape Town kapena ukwati unatha. Ndalama zimene mumatumiza zimafikira pa nambala imeneyo. Ngati zili choncho, amayi apite ndi chitupa chawo ku shopu ya kampaniyo paboma, ku Dedza kapena ku Ntcheu, akakonze. Konko akapemphenso simu yaing'ono yokwana mufoni zatsopano. Kudula yakale ndi lezala kwaononga masimu ambiri.

Akangomaliza kusamutsa, ikani pini ya WhatsApp ya manambala 6, imene ili pa Two-step verification, ndipo muwauze amayi mobwerezabwereza: aliyense woimba n'kumafunsa pini kapena nambala yobwera pa meseji ndi wakuba, ngakhale atanena kuti ndi wa kukampani ya foni, ngakhale atatchula dzina lanu. Ine ndinawauza kuti, "Amayi, akakufunsani manambala alionse, dulani foni, mundiimbire ine." Anaseka n'kunena kuti iwo si mwana. Patatha mwezi anandiimbira, wina atawauza kuti apambana mphoto.

Anyamata a pakhomo adzafuna kuwaikira GBWhatsApp ndi zina zotumizirana pa Xender. Kanani. Si za kampani ya WhatsApp, zimatha kutsekeretsa nambala, ndipo macheza a m'menemo amavuta kusamutsa mtsogolo. WhatsApp yeniyeni nayo imafuna kuapudetedwa pakapita nthawi, apo ayi imadzangokana kutseguka. Ndiye pa miyezi iwiri iliyonse ndimatumiza bandulo wamba, osati ya WhatsApp, ndipo mphwanga amatsegula Play Store n'kuapudeta.

Kwa ife a m'malire pali kanthu kena. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, tsidya lina ndi Mozambique, ndipo n'chimodzimodzi madera a Tsangano, Biriwiri ndi kufupi ndi chipata cha Dedza. Foni yatsopano imadzisankhira yokha netiweki, ndipo nthawi zina imakagwira ya tsidya lija mwini wake ali pakhonde pake. Zimitsani Data roaming, imene imalola foni kugwiritsa ntchito data pa netiweki ya dziko lina, musanaitumize, ndipo wothandiza uja akaika simu asankhe yekha Airtel kapena TNM m'malo mosiya foni izidzisankhira.

Foni yakale isafomatidwe tsiku lomwelo. Ikhale m'kabati sabata yathunthu, amayi aone ngati zonse zawo zawoloka. Akakhutira, tulutsani memori khadi, chotsani akaunti ya Google, kenako ndiye ifomatidwe. Amene aitenge mum'nene inuyo poyera foni yatsopano isanafike, chifukwa kafoni kong'aluka kamatha kudanitsa pachibale kuposa munda. Nenaninso momveka kuti yatsopanoyo ndi ya amayi. Tonse tikudziwa zimene zimachitika: pakapita mwezi foni yokongola ili m'thumba la mnyamata ku Chimbiya, mayi abwerera pa ya mabatani, ndipo iwe ukaimba umangomva kuti atalikira. Ikani loko ya chala chawo, ndipo pini yotsegulira aidziwe iwo ndi munthu mmodzi yekha. Ana akafuna kufufuza za kusukulu, azichita amayi ali pomwepo.

Mwezi wathawu ndinatumiza ina ya amalume ku Bembeke. Ndinakhala nayo maola awiri Loweruka usiku, n'kuiveka kava ndi galasi loteteza, n'kulemba pepala la pasiwedi limene ndinapatsira munthu wina wopita pandege. Wonyamula katundu ndinam'patsa risiti, ine n'kutsala ndi chithunzi chake pamodzi ndi nambala ya IMEI. Itafika, mwana wawo wamkazi anaika mafoni awiriwo pamphasa, ine ndili pa vidiyo pafoni ya aneba, ndipo tinadikira limodzi mpaka mzere wosonyeza kusamuka kwa mauthenga unafika kumapeto. Amalume anayamba n'kufufuza chithunzi cha ng'ombe zawo cha 2021, ndipo atachipeza ndi pamene anandifunsa za moyo wa kuno.