Pulogalamu yaulere kapena yogula, mungasankhe bwanji

Musanalipire layisensi, kapena kukondwa kuti mwapeza zaulere, khalani kaye pansi mulembe ntchito zomwe mumagwira pa kompyuta tsiku ndi tsiku. Ambirife zimangokhala kulemba makalata, kuwerengera ndalama ndi kutumiza ma imelo basi. Pa makalata ndi kuwerengera ndalama, pulogalamu ya ntchito za muofesi ya LibreOffice ikukwanirani, ilipo kuyambira 2010 ndipo simulipira kalikonse, pomwe Microsoft 365 mumalipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka ndiye mukangosiya, Word ija imakulolani kuwerenga mafayilo anu koma kulembamo ayi.

Kenako werengerani ndalama za zaka zitatu, osati tsiku logula lokha. Ku yogula, chulukitsani layisensi ndi anthu onse oigwiritsa ntchito. Ku open source, kutanthauza mapulogalamu ngati LibreOffice omwe code (malangizo oyendetsa pulogalamu) yake siibisidwa, ikani nthawi yophunzira, wokuikirani, komanso munthu woti muzimuimbira zikavuta, apa ndi pomwe ambiri amadzinamiza. Code yake ndi yotsegukadi, aliyense atha kuiona nkuisintha, koma katswiri sagwira ntchito yaulere. Kampani ya Red Hat inalemera ndi zomwezi, kugulitsa thandizo pa Linux, pulogalamu ya open source yoyendetsa kompyuta ngati Windows, mpaka IBM inaigula mu 2019 pa madola 34 biliyoni.

Osasamuka musanayese. Tengani fayilo yanu yovutitsitsa ija, ya matebulo ndi ma macro (timalangizo togwira ntchito tokha mu fayilo), muitsegule mu LibreOffice. Ngati mizere yabalalika ndipo makasitomala anu onse amatumiza mafayilo a Word kapena Excel (docx kapena xlsx), nthawi yomwe muzitaya pokonza ndi ndalamanso. Khonsolo ya mzinda wa Munich ku Germany inasamutsira makompyuta ake ku Linux koma mu 2017 khonsolo inavota zobwerera ku Windows, ndiye si zamasewera. Yambani ndi kompyuta imodzi kwa mwezi.

Onaninso ngati pulogalamuyo ikadali ndi oisamalira, update yomaliza inatuluka liti? Mu 2014 vuto la chitetezo lotchedwa Heartbleed linaonetsa kuti OpenSSL, pulogalamu ya open source yomwe mawebusayiti ambirimbiri amadalira pa chitetezo, inkasamalidwa ndi anthu ochepa kwabasi.

Pomwe ine ndimaona phindu lenileni ndi pa makompyuta akale. Thandizo la Windows 10 linatha mu Okutobala 2025, makompyuta akale ambiri sangalandire Windows 11, koma mukaikamo Linux Mint, mtundu wina wa Linux, amayendabe bwinobwino, osagula ina. Za crack zokha, mapulogalamu ogula omwe athyoledwa kuti agwire popanda layisensi, zisiyeni, mavairasi ambiri amabwera ndi zimenezo.