Momwe mungafufuzire mawu a Chiheberi ndi Chigiriki powerenga Baibulo

Mlaliki wa ku Dwangwa, mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano ku Benga kapena katekisiti wa pa boma la Nkhotakota atha kufika pa mawu amene alembi a Baibulo analemba, ngakhale sanapondeko ku koleji ya zaubusa. Foni, kope ndi cholembera nzokwanira. Chofunika ndi dongosolo, chifukwa ntchitoyi ikagwiridwa mwaphuma imabala ziphunzitso zokhota zimene mpingo umavutika nazo zaka zambiri.

Chipangano Chakale chinalembedwa m'Chiheberi, kupatula zigawo zochepa za Chiaramu monga Danieli 2:4 mpaka 7:28, mbali zina za Ezara ndi Yeremiya 10:11. Chipangano Chatsopano chonse nchachigiriki, chija anthu wamba ankalankhula pamsika ndi kudoko.

Zida zake

Khalani ndi Mabaibulo achichewa osachepera awiri. Buku Lopatulika, lomwe linasindikizidwa koyamba mu 1922, limatsata mawu oyambirira pafupipafupi, pomwe Buku Loyera la 1998 limatsata ganizo la chiganizo chonse. Akatolika alinso ndi Malembo Oyera. Kusiyana kwa mabukuwa ndiko kudzakuuzeni pokumba.

Chachiwiri ndi manambala a Strong. Mu 1890 James Strong anatulutsa konkodansi, buku loonetsa malo onse amene liwu lililonse likupezeka, ya Baibulo lachingerezi la King James, ndipo liwu lililonse la chinenero choyambirira analipatsa nambala: 8,674 a Chiheberi ndi Chiaramu, ndipo a Chigiriki amafika pa 5,624. Lero manambalawa ali m'mapulogalamu aulere monga STEP Bible ndi Blue Letter Bible. AndBible ndi MySword amagwira ntchito pa Android popanda intaneti mukangotsitsa mabuku ake, choncho tsiku limene mwagula bando ndipo netiweki ili bwino, tsitsani King James ya manambala pamodzi ndi madikishonale onse awiri, ya Chiheberi ndi ya Chigiriki. Samalani ndi chilembo chakutsogolo. H ndi Chiheberi, G ndi Chigiriki, ndipo H2617 ndi G2617 ndi mawu awiri osagwirizana nkomwe.

Kusankha liwu

Tengani ndime yaifupi, mavesi asanu mpaka khumi, muiwerenge katatu m'Chichewa musanakhudze foni. Kenako sankhani mawu awiri kapena atatu basi. Oyenera kusankhidwa ndi amene omasulira asiyana, amene akubwerezedwa m'ndimemo, kapena amene phunziro lonse latsamirapo. Kufufuza liwu lililonse kumangodya nthawi, ndipo Loweruka usiku mumapezeka muli ndi manambala odzaza kope koma uthenga palibe.

Pezani vesilo mu King James, gwirani liwu lolingana ndi limene mwasankha, lembani nambala yake. Gawani tsamba la kope m'mizere inayi: vesi, liwu loyambirira ndi nambala, amene akuchita ndi amene akuchitiridwa, ndi tanthauzo logwirizana ndi chiganizocho. Mzere wachitatuwo ndi umene anthu ambiri amadumpha, chonsecho ndi umene umaulula zambiri.

Tsopano onani malo ena amene liwulo likupezeka. Ngati likupezeka kosapitirira 30, werengani monse. Ngati nkochuluka, yambani ndi buku lomwelo, kenako mabuku ena a mlembi yemweyo, kenako Chipangano chonse. Yohane amveke ndi Yohane poyamba musanamufunse Paulo. Dikishonale muitsegule pomaliza, kuti itsimikize kapena kukonza zimene mwaona nokha.

Chitsanzo cha kunyanja

Anthu a m'mbali mwa nyanja ali ndi mwayi pa ndime za usodzi, chifukwa msodzi wa ku Chia sangasokoneze khoka ndi chilimila kapena machera. Mauthenga Abwino nawonso amasiyanitsa. Pa Mateyu 4:18, pamene Simoni ndi Andreya akuponya ukonde, liwu lake ndi amphiblestron, G293, ukonde wozungulira umene munthu mmodzi amaponya ndi manja pamadzi osaya. Pa vesi 20 ndi 21, pamene akusiya maukonde ndipo ana a Zebedayo akusoka awo, pali diktyon, G1350, dzina la ukonde wina uliwonse. Koma pa Mateyu 13:47, m'fanizo la Ufumu wa Kumwamba, pali sagene, G4522, ndipo m'Chipangano Chatsopano chonse liwuli lili pamenepa pokha.

Liwu lopezeka kamodzi mumatani nalo? Choyamba muwerenge zimene likuchita m'ndimemo: ukondewo waponyedwa m'nyanja, wasonkhanitsa zamitundumitundu, wadzaza, aukokera kumtunda, anthu akhala pansi nkumasankha. Chachiwiri mupite ku Septuagint, Chipangano Chakale chimene Ayuda anayamba kuchimasulira m'Chigiriki zaka za m'ma 200 Khristu asanabadwe. Pa Habakuku 1:15 mudzapeza amphiblestron ndi sagene m'vesi limodzi. Zonsezi zikuloza ku khoka lokokedwa ndi gulu la anthu mbali ziwiri. Aliyense amene anaimapo pamchenga m'mawa khoka likutuluka amadziwa kuti silisankha: chambo, kampango, tinsomba tating'ono, nkhanu ndi zinyalala zimatulukira limodzi, ndipo kusankha kumachitika kumtunda. Ndi zimene Mateyu 13:49 ikunena, kuti olekanitsa ndi angelo, pa chimaliziro cha nthawi. Apa kufufuza sikunabweretse chiphunzitso chachilendo, kwangochititsa kuti chimene chinalipo kale chioneke bwino, ndipo kufufuza koyenda bwino kumatha chonchi nthawi zambiri.

Mukadali pomwepo, onaninso kuti Mateyu ndi Marko amatcha nyanja ya Galileya thalassa, liwu la nyanja yaikulu, pomwe Luka 5:1 akuti limne, nyanja ya pakati pa mtunda. Ndi nyanja ya madzi opanda mchere, yotalika makilomita pafupifupi 21 okha.

Pamene zinthu zimalakwika

Vuto lalikulu ndi kutenga matanthauzo onse a m'dikishonale nkuwathira pa vesi limodzi. Munthu akafunsa mtengo wa usipa pamsika, palibe amene amaganiza za nthambi ndi masamba, ngakhale liwu lake ndi lomwelo. Chiheberi ndi Chigiriki zilinso chimodzimodzi. Ruach, H7307, ndi mphepo, mpweya kapena mzimu, koma chiganizo ndicho chimasankha. Pa Eksodo 14:21 ndi mphepo ya kum'mawa yogawa nyanja. Pa Yohane 3:8 mpamene mlembi wagwiritsa dala pneuma, G4151, mbali ziwiri, mphepo yoomba kumene ifuna ndi Mzimu wobala munthu mwatsopano, ndipo vesilo lokha likuonetsa zimenezo poyera. Popanda chizindikiro chotere, tanthauzo ndi limodzi.

Lachiwiri ndi kudalira mizu ya liwu. Mumamva kuti ekklesia, G1577, liwu lomasuliridwa kuti mpingo, ndi "oitanidwa kutuluka m'dziko" chifukwa lapangidwa ndi timawu tiwiri totanthauza kutuluka ndi kuitana. Tsegulani Machitidwe 19:32. Liwu lomwelo likunena za khamu losokonezeka la ku Efeso lokuwira mulungu wawo wamkazi. Kwa Agiriki linali liwu wamba la msonkhano. Zoti mpingo ndi wopatulika nzoona, koma muziphunzitse kuchokera ku 1 Petro 2:9, osati ku mizu ya liwu.

Pali ulaliki wina wotchuka woti dunamis, G1411, pa Machitidwe 1:8 ndi mphamvu ya dayinamaiti. Alfred Nobel anapanga dayinamaiti m'zaka za m'ma 1860 natenga dzinalo ku Chigiriki. Luka sankaganiza za chinthu chimene chinadza patapita zaka zoposa 1,700.

Nkhani ya agapao ndi phileo imafuna kufatsa kwambiri, chifukwa yazika mizu m'mipingo yathu. Ambiri anaphunzitsidwa kuti agapao, G25, ndi chikondi cha Mulungu chokha, ndipo phileo, G5368, ndi chikondi chotsika cha paubwenzi. Yesani ndi kope lanu. Yohane 3:35 akuti Atate akonda Mwana ndi agapao, ndipo Yohane 5:20 akunena zomwezo ndi phileo. Yohane 3:19 akuti anthu anakonda mdima, ndi agapao. Pa 2 Timoteo 4:10 Dema anasiya Paulo pokonda dziko lino, agapao yemweyo. Tsono mukafika pa Yohane 21:15 mpaka 17, pamene Yesu afunsa kawiri ndi agapao, kachitatu ndi phileo, Petro nayankha ndi phileo katatu konse, musafulumire kumanga ulaliki wonse pa kusiyanako. M'mavesi omwewo Yohane akusinthanso mawu a kudyetsa ndi kuweta, ana a nkhosa ndi nkhosa. Akatswiri ena amaona tanthauzo pa kusinthaku, ambiri amati ndi kalembedwe kake. Chimene lemba lanena mosabisa nchakuti Petro anamva chisoni pofunsidwa kachitatu, iye amene anakana katatu.

Kumbukiraninso kuti nambala ya Strong imakupatsani tsinde la mneni, osati maonekedwe ake pa vesilo. H935 ndi "kubwera", koma ikasintha kapangidwe imakhala "kubweretsa", nambala osasintha. Choncho tsegulani interlinear, gawo loika liwu lililonse loyambirira pamodzi ndi kumasulira kwake, muone timawu tofotokoza galamala. Pa Aefeso 5:18, "mudzazidwe ndi Mzimu" ndi lamulo lopita kwa anthu ambiri, ndipo iwo ndi ochitiridwa, osati odzidzaza okha. Chenjeraninso ndi manambala a mavesi. Yoweli 2:28 wa m'Baibulo lanu ndi 3:1 m'Baibulo lachiheberi, ndipo m'Masalimo ambiri mutu wa salimo umawerengedwa ngati vesi loyamba.

Musanaime pagome

Mukapeza tanthauzo limene mulibe m'Baibulo lililonse lachichewa, mu King James kapena mu ndemanga iliyonse, ndiye kuti mwina mwaphonya penapake. Bwererani ku kope, kapena mukambirane ndi abusa kapena bambo mfumu amene anaphunzira zinenerozi. Pagome, liwu lachigiriki mulitchule kamodzi ngati kuli kofunika, ndipo musanene kuti "Baibulo lanu linalakwitsa apa". Mawu otere amafooketsa agogo amene akhala ndi Buku Lopatulika moyo wawo wonse, chonsecho omasulira aja anasankha liwu limodzi pa angapo oyenera. Nenani kuti liwuli lili ndi mbali inanso, muionetse pa vesi lina limene iwo angatsegule okha.

Poyambira pabwino ndi hesed, H2617, liwu lachiheberi la chifundo kapena chikondi chosasinthika, m'buku la Rute. Likupezeka katatu kokha, pa 1:8, 2:20 ndi 3:10, ndipo madzulo amodzi ndi okwanira. Lembani amene akuchita, amene akuchitiridwa, ndiponso ngati panali lamulo lowakakamiza. Mukatero pitani ku Salimo 136, kumene liwulo lili m'mavesi onse 26.