Momwe khonsolo ingayendetsere recycling ya m'makomo osafera panjira

Anthu ambiri amaganiza kuti recycling (kusankhula zinyalala zoti zikapangidwenso zinthu zina) ndi kungogula mabini amitundumitundu basi, kenako ndalama zizilowa zokha pogulitsa mabotolo ndi makatoni. Ayi ndithu. Nthawi zambiri zogulitsazo sizikwana kulipira mafuta a malole, anthu otolera ndi kukonzetsa makina akawonongeka. Ndiye ngati muli mu khonsolo kapena mu komiti ya m'dera mwanu, tsatani izi.

Choyamba, fukulani zinyalala zenizenizo. Tolerani matumba a makomo angapo, kwa opeza bwino ndi kwa osauka komwe, kwa sabata imodzi kapena awiri, muwakhuthule, musankhule ndikuyeza pa sikelo. Ntchito yake ndi yonunkha koma mukailumpha muzingolota manambala. Mutha kupeza kuti zochuluka ndi zowolerana, zomwe zikufunika dzenje la kompositi osati fakitale.

Chachiwiri, pezani wogula musanagule ngakhale bini imodzi. Zitini za aluminium sizivuta msika chifukwa kuzisungunula kumadya mphamvu pafupifupi 5 peresenti yokha ya zomwe zimafunika popanga aluminium watsopano. Makatoni ouma ndi mabotolo a PET (apulasitiki aja a madzi ndi zakumwa) amayendanso, koma magalasi ndi olemera moti ngati fakitale ili kutali transipoti imadya phindu lonse. Ndipo msika umatembenuka: mu 2018 China inasiya kulandira mitundu yambiri ya zinyalala za pulasitiki ndi mapepala kuchokera kunja, makhonsolo ambiri ku America ndi ku Australia anangotsala ndi milu ya katundu wopanda womugula, ena mpaka anayamba kukataya ku mtaya zinthu zomwe anthu anasankhula kale m'makomo mwawo. Kontirakiti yanu inene poyera kuti mtengo ukagwa, aluza ndani.

Chachitatu ndiye pagona nkhani, ndalama zichokera kuti? Njira yakale ndi kutapa pa msonkho wa nyumba ndi malo, vuto lake ndi loti ndalamazo zimalowa m'thumba limodzi ndi za misewu, misika ndi malipiro, ndiye zinthu zikathina zinyalala ndi zomwe zimayamba kuyiwalidwa. Ena amaika fizi ya zinyalala payokha, mwezi ndi mwezi. Ine yomwe imandigwira mtima ndi ya ku South Korea, komwe kuyambira 1995 zinyalala wamba zimatayidwa m'matumba apadera ochita kugula, pomwe zosankhula za recycling amatenga ulere, ndiye munthu amadziwonera yekha kuti kusankhula kukumupulumutsira ndalama. Koma imafuna kulondera, apo ayi anthu ayamba kutaya usiku m'ngalande.

Palinso njira zofuna boma lalikulu, ndipo makhansala akuyenera kuzimenyera nkhondo. Germany inakhazikitsa lamulo mu 1991 loti makampani azilipira kutolera mapaketi ndi zokutira za katundu wawo. Boma la Oregon ku America linayamba dipoziti ya mabotolo ndi zitini ndi lamulo la 1971, wabweza botolo wabwezeredwa ndalama. UK inaika msonkho pa zotayidwa ku mtaya mu 1996 kuti kukwirira zinyalala kudule. Mulimonse mwasankha, ndalama za zinyalala zikhale ndi akaunti yakeyake, chonde.

Chachinayi, sankhani wotolera. Itha kukhala khonsolo yokha ndi malole ake, kampani ya pa tenda, kapena gulu la anthu omwe akutola kale mabotolo ndi zitsulo. Anthu amenewa musawathamangitse, amadziwa katundu ndi ogula kuposa ofesala aliyense. Ku Pune ku India khonsolo imagwira ntchito ndi kopaletivi ya otola zinyalala yotchedwa SWaCH, amayenda khomo ndi khomo ndipo makomowo amawalipira kafizi mwachindunji. Apatseni magolovesi, ma ID ndi shedi yosankhuliramo.

Chachisanu, musawazunguze anthu ndi mabini asanu. Yambani ndi ziwiri, zouma ndi zonyowa, m'dera limodzi kaye. Thewera limodzi kapena mafuta ophikira otayikira zimawononga thumba lonse la mapepala, choncho auzeni anthu mobwerezabwereza, ndi zithunzi pa bini pomwepo. Tsiku lotolera likhale lomwelomwelo, lole ikajomba kawiri katatu anthu amagwa ulesi ndikuyambanso kusakaniza, ndipo kuwabweza ndi ntchito yaikulu.

Pomaliza, lembani zonse: matani otoleredwa, matani ogulitsidwa, omwe akanidwa chifukwa chakuda, ndalama zolowa ndi zotuluka, osayiwala maulendo a ku mtaya omwe mwapewa poti nazonso ndi ndalama. Miyezi itatu iliyonse ikani lipotilo pa bolodi ya khonsolo ndi pa Facebook, ndipo dera lachiwiri mulowemo pokhapokha manambala a loyambalo akuwoneka bwino.