Inverter ya m'galimoto ya 4x4 itengereni moto ku batire

Anzanga oyenda ndi Hilux kapena Land Cruiser m'misewu ya fumbi, mukamaika inverter (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) yotchajira laputopu kapena mabatire a drill, musaibaye pa choyatsira ndudu. Fyuzi ya pamenepo nthawi zambiri imakhala ya ma amp 10 kapena 15 basi, pomwe inverter ya mawati 1000 ikagwira ntchito mokwanira imakoka ma amp oposa 80 pa 12V. Ine pulagi yanga inatentha mpaka kusungunuka, galimoto yonse fungo la pulasitiki.

Kokani waya wonenepa kuchokera ku batire, ngati uja wa makina owotcherera zitsulo, ndipo ukhale waufupi momwe mungathere, chifukwa waya wautali kapena wowonda umatentha n'kutaya mphamvu. Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi fyuzi: iikeni pafupi penipeni ndi mutu wa pozitivi. Mabampu amagwedeza waya tsiku ndi tsiku, ukakhuzika pa chitsulo n'kusupuka, fyuziyo ndi imene imadula moto galimoto isanayake. Pomwe waya ukudutsa pa bowo, vekanipo labala.

Inverter yokhayo imangeni ndi mabawuti mkati, pamalo okwera opita mphepo, osati ku injini kapena pansi pomwe madzi amafika mukamawoloka mtsinje. Gulani ya pure sine wave, yomwe imatulutsa magetsi osalala ngati a m'nyumba, imasamala zipangizo.

Ngati mumagona kutchire, onjezerani batire lachiwiri ndi isolator (kachipangizo kolekanitsa mabatire awiriwo injini ikazima), kuti loyatsira injini lisathe usiku.